Kujambula milalang'amba kumafuna mdima ndi kudekha

Ambiri mwa inu awerengi a tsamba lino munaonapo pa Facebook kapena pa WhatsApp zithunzi za zinthu zakumwamba zowala mochititsa kaso, zina zozungulira ngati kamvuluvulu, zina zopyapyala ngati lichero loliyang'anira cham'mbali. Kawirikawiri wotumiza chithunzicho amangolembapo kuti ndi cha NASA, basi nkhani yathera pompo. N'zoona kuti zina mwa zithunzizo zimachokera ku mabungwe akuluakulu okhala ndi makina a ndalama zankhaninkhani. Komatu zambiri zimajambulidwa ndi anthu wamba, ena aphunzitsi, ena amalonda, ena opuma pantchito, atakhala kuseri kwa nyumba zawo ndi telesikopu imene kukamwa kwake sikuposa kapu ya tiyi. Sabata ino ndati tikambirane mmene anthu amenewa amachitira zimenezi. Nkhaniyi ikutikhudza ife akumudzi kaamba koti mdima umene iwo amausowa, mpaka ena kukwera ndege kuti akaupeze, kwathu kuno ulipo wochuluka ndipo sitiuwerengera n'komwe.

Tiyambe ndi dzina. Usiku wa mu Juni kapena Julaye, mwezi ukakhala kumdima, mumaona mzere woyererako wodutsa thambo lonse ngati utsi. Umenewo ndiwo Mlalang'amba. Mzerewo ndi nyenyezi zochuluka zedi, zotalikira kwambiri moti diso silingathe kuzisiyanitsa imodziimodzi. Dzuwa lathu ndi imodzi mwa nyenyezi zoposa 100 biliyoni za m'gulu limeneli. Poti ife tili mkati mwake, sitiona mmene gulu lonse linakhalira, monga munthu woima pakati pa chimanga chotalika saona malire a munda. Kunja kwa gulu lathuli kuli magulu ena otere osawerengeka, ndipo onsewo timangowatcha milalang'amba.

Kutalika kwake sitikuyeza m'makilomita chifukwa manambala angadzaze tsamba. Timawerengera nthawi imene kuwala kumatenga paulendo. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo kuchokera kudzuwa kufika kuno kumatenga mphindi zopitirira pang'ono 8. Milalang'amba itatu mukhoza kuiona ndi maso okha. Iwiri ili kummwera ndipo imaoneka ngati timitambo tosasuntha ndi mphepo. Azungu anaitcha Mitambo ya Magellan potengera dzina la Ferdinand Magellan, amene ulendo wa zombo zake unazungulira dziko pakati pa 1519 ndi 1522, ngakhale anthu a kummwera kwa dziko lapansi anali akuiona kuyambira kalekale. Kuwala kwa mtambo waukuluwo kumayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kutipeze, kwa waung'onowo zaka pafupifupi 200,000. Wachitatu ndi Andromeda, umene uli kumpoto, ndipo kuwala kwake kumafika m'maso mwathu kutayenda zaka 2.5 miliyoni.

Mbiri ya Andromeda ikuonetsa bwino ntchito imene kujambula kunagwira. Katswiri wa nyenyezi wa ku Persia, Abd al-Rahman al-Sufi, analemba za mlalang'ambawu cha m'ma 964 ndipo anautchula kuti kamtambo kakang'ono. Zaka mazanamazana zinadutsa anthu akuuona choncho. Amene anaonetsa maonekedwe ake enieni anali Isaac Roberts, wobadwira ku Wales, munthu wa bizinesi ya zomangamanga yemwe za nyenyezi ankangozikonda pambali. Mu 1888 iye analoza telesikopu yake pa kamtamboko, n'kusiya galasi lojambulira likulandira kuwala kwa maola anayi. Chithunzi chimene chinatuluka chinaonetsa mizere yozungulira imene diso la munthu aliyense linali lisanaione bwino chotero.

Zithunzi zomwezo n'zimene zinathandiza kuyeza mtunda. Mu 1912 mayi Henrietta Leavitt, amene ankagwira ntchito yopima magalasi a zithunzi ku Harvard, anapeza kuti nyenyezi zina za mu Mtambo Waung'ono wa Magellan zimawala n'kuzirala motsatira nthawi, ndipo yowala kwambiri ndi imene imatenga masiku ambiri kuti ibwereze. Choncho ukadziwa masiku amene nyenyezi yotere imatenga, wadziwa mphamvu yeniyeni ya kuwala kwake, ndipo ukayerekeza ndi mmene ikuonekera kuno umapeza kutalika kwake. Mu 1923 Edwin Hubble anapeza nyenyezi ya mtundu umenewu mu Andromeda pogwiritsa ntchito telesikopu ya mainchesi 100 ya pa Mount Wilson ku California. Masamu ake anaonetsa kuti Andromeda ili kunja kwa Mlalang'amba wathu. Zaka zimene zapitapo chidziwikire zimenezi zangopitirira pang'ono 100.

Nanga n'chifukwa chiyani kamera imaona zimene diso limalephera? Diso lili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, khomo lake ndi laling'ono. Kamwana ka m'diso kakatseguka kwambiri mumdima kamafika mamilimita pafupifupi 7, ndipo munthu akamakula sikafikanso pamenepo. Chachiwiri, diso silisunga kuwala. Limalandira, n'kutumiza ku ubongo, n'kuyambanso mwatsopano sekondi isanathe. Ngakhale mutayang'ana malo amodzi usiku wonse, kuwala kwa ola loyamba sikuphatikizana ndi kwa ola lachiwiri.

Taganizirani za kutchera madzi tsiku la mvula yamawawa. Wotchera ndi kapu n'kumaikhuthula mphindi iliyonse sadzaona madzi. Wotchera ndi beseni lalikulu apezako. Koma ngakhale wa kapu yemweyo, akaisiya panja tsiku lonse osaikhuthula, madzulo aipeza ili ndi madzi. Kuwala kwa mlalang'amba kumagwa chomwecho, pang'onopang'ono. Telesikopu ndiye beseni. Ya mamilimita 50 imatchera kuwala kochuluka maulendo pafupifupi 50 kuposa diso, ndipo ya mamilimita 100 maulendo pafupifupi 200, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi malo onse a galasilo osati kutalika kwa m'mimba mwake kokha. Kamera ndiye kusakhuthula kuja. Mkati mwake muli sensa yokhala ndi timabokosi mamiliyoni, ndipo kalikonse kamasunga kuwala kumene kwagweramo mpaka wojambula atatseka. Ndiye ngati beseni lako ndi laling'ono, umalipira ndi nthawi.

Apa m'pamene mavuto amayambira. Vuto loyamba ndi loti dziko limazungulira, madigiri 15 pa ola lililonse. Mukatsegula kamera kwa mphindi imodzi itangoima pamalo amodzi, nyenyezi zimatuluka ngati timizere osati timadontho. Ojambula amakhazika telesikopu pa kachipangizo kokhala ndi mota, kamene kamatembenuka pa liwiro lofanana ndi la thambo. Kuti kagwire bwino ntchito, msana wake umayenera kuloza pamalo a kumwamba pamene nyenyezi zonse zimaoneka ngati zikuzungulirapo. Anzathu a ku Ulaya ali ndi nyenyezi yowala yotchedwa Polaris yosonyeza malowo kumpoto. Ife tili kummwera kwa ikweta ndipo malo athu alibe nyenyezi yowala, choncho timathandizidwa ndi nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda zimene zili kummwera. Kutalika kwa malowo kuchokera pomwe thambo lakumana ndi nthaka kumafanana ndi madigiri a latichudi ya pamene mwaima. Ku Mzuzu ndi madigiri opitirira pang'ono 11, ku Lilongwe pafupifupi 14, ku Blantyre pafupifupi 16.

Vuto lachiwiri ndi timadontho tosokoneza. Chithunzi chimodzi cha usiku chimatuluka ngati chawazidwa mchenga, mofanana ndi mmene wailesi yakanema yakale inkaonekera ikasowa siteshoni. Timadontho tina timachokera ku kutentha kwa sensa, tina ku magetsi a m'kamera, tina n'chifukwa choti kuwala kumene kumafika mosalongosoka, pano kochuluka apo kochepa. Mizere yofooka ya m'mphepete mwa mlalang'amba imamira mumchengamo. Mankhwala ake ndi kujambula malo amodzimodzi kambirimbiri, kenaka kompyuta n'kusanjikiza zithunzizo n'kupeza avareji. Aphunzitsi anzanga azimva msanga. Mukatuma mwana mmodzi kuyeza desiki ndi lula akhoza kuphonya pang'ono. Mukatuma ana 100, ena apitiriza, ena apereweza, koma avareji ya mayankho awo imagwera pafupi kwambiri ndi muyeso weniweni. Mlalang'amba umakhala pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse, pomwe timadontho timasinthasintha malo. Choncho posanjikiza, mlalang'amba umalimba ndipo timadontho timafafanizana.

Masamu ake ndi a square root, omwe aja ana amadandaula nawo kuti adzawathandiza chiyani pamoyo. Zithunzi 4 zimayeretsa chithunzi kawiri kuposa chimodzi. Zithunzi 100 zimachiyeretsa maulendo 10, ndipo kuti mufike maulendo 20 mufunika zithunzi 400. Mukajambula ola limodzi n'kufuna chithunzi choyera kawiri kuposa pamenepo, muyenera kujambula maola 4. Mukafunanso kuwirikiza, ndi maola 16. N'chifukwa chake ojambula ena amabwerera pa mlalang'amba umodzi usiku uliwonse kwa mwezi wathunthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito imeneyi mawuwo akhoza kuwerengedwa ndi manambala.

Palinso zithunzi zina zimene amajambula pofuna kukonza zolakwika za chida chenichenicho. Amatseka telesikopu ndi chivindikiro n'kujambula mdima wokhawokha kwa masekondi ofanana ndi a zithunzi zenizeni zija. Zimene zatuluka pamenepo ndi zonama za sensa yokha, ndipo kompyuta imazichotsa pa zithunzi zonse. Amaphimbanso kukamwa kwa telesikopu ndi kansalu koyera n'kuloza kuthambo mbandakucha. Chithunzi chimenecho chimaonetsa pamene pagwa fumbi ndi mmene m'makona mukudera, ndipo nacho chimathandiza kusalaza. Ndege kapena setilaiti ikadutsa n'kusiya mzere pa chithunzi chimodzi, kompyuta imauzindikira poona kuti pa zinzake palibe, n'kuutaya. Mapulogalamu ochitira zonsezi monga DeepSkyStacker ndi Siril ndi aulere pa intaneti. Zikatha izi chithunzi chimaonekabe chakuda, mpaka wojambula atakweza mbali zofooka mosamala kuti zionekere popanda kuwalitsa pakati mopitirira.

Wina angafunse kuti, ngati pali matelesikopu akuluakulu monga Hubble imene ili m'mlengalenga, kapena SALT ya ku Sutherland m'dziko la South Africa imene galasi lake ndi la mamita pafupifupi 10, kachida ka munthu wamba kangawonjezepo chiyani? Yankho lili pawiri. Telesikopu yaikulu imaona kamalo kochepa kwambiri nthawi imodzi. Andromeda ndi yotambalala pathambo ngati miyezi 6 yathunthu itandandalikidwa, moti chithunzi chake chimene akatswiri a Hubble anatulutsa mu Januwale 2025 anachilumikiza kuchokera ku zidutswa zoposa 600 zojambulidwa pa zaka zoposa 10. Katelesikopu kakang'ono kamaitenga yonse kamodzi. Chachiwiri, akatswiri amalimbirana nthawi pa matelesikopu akuluakulu ndipo aliyense amagawiridwa maola owerengeka, pomwe munthu wokhala ndi kachida kakekake palibe womuletsa kuthera maola 100 pamalo amodzi.

Akatswiri enieniwo anaizindikira mfundoyi. Mu 2013 Roberto Abraham wa pa yunivesite ya Toronto ndi Pieter van Dokkum wa pa yunivesite ya Yale anamanga chida chotchedwa Dragonfly pomangirira pamodzi malenzi a Canon a mamilimita 400, omwe aja amagwiritsa ntchito atolankhani ojambula mpira. Anayamba ndi ochepa mpaka anafika 48. Malenzi amenewa samwaza kuwala mkati mwake ngati mmene magalasi a matelesikopu akuluakulu amachitira, choncho amaonetsa zinthu zofooka koma zotambalala. Ndi chida chimenechi anapeza milalang'amba yaikulu koma yokhala ndi nyenyezi zochepa zedi, imene inali isanadziwike bwino.

Anthu wamba nawo sanatsalire. Giuseppe Donatiello wa ku Italy, popendanso zithunzi zimene anajambula ndi telesikopu ya mamilimita 127, anaona mu 2016 kachizimezime kamene sikanali m'mabuku. Akatswiri atatsimikiza ndi matelesikopu akuluakulu a pa chilumba cha La Palma, kanapezeka kuti ndi kamlalang'amba kakang'ono, ndipo lero kamatchedwa Donatiello I. Chaka chomwecho, pa 20 Seputembala, Victor Buso, wokonza maloko wa mumzinda wa Rosario ku Argentina, ankangoyesa kamera yatsopano pa mlalang'amba wa NGC 613. Ali mkati mojambula anaona kadontho kakutulukira pamene poyamba panalibe kanthu. Anali atajambula kuwala koyambirira kwa nyenyezi imene inali kuphulika, chinthu chimene akatswiri anakhala akuchisaka kwa zaka zambiri, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2018.

Pa 19 Meyi 2023 Koichi Itagaki wa ku Japan anapeza nyenyezi ina yophulika mu mlalang'amba wa M101. Zitamveka, akatswiri anagwiritsa ntchito zithunzi za anthu wamba amene anajambula mlalang'amba womwewo maola angapo m'mbuyomo, kuti adziwe nthawi imene kuphulikako kunayamba kuoneka. Chaka chomwecho, mpikisano wa zithunzi zakumwamba wa Royal Observatory Greenwich anaupambana ndi Marcel Drechsler, Xavier Strottner ndi Yann Sainty. Atatuwa, atasonkhanitsa kuwala kwa maola oposa 100 ndi telesikopu ya mamilimita 106, anapeza mtambo waukulu wa mpweya wowala mofooka pambali pa Andromeda, pamalo amene anthu anakhala akujambula kuyambira nthawi ya Roberts osauona. Kuno ku Africa, Berto Monard wa ku South Africa wapeza nyenyezi zophulika zambiri ali panyumba pake.

Tsopano tibwere kwathu. Thambo la Malawi lili pabwino chifukwa timaona zakummwera komanso zambiri zakumpoto. Kuyambira Epulo mpaka Juni, usiku usanapite patali, milalang'amba itatu yodziwika imakhala pamwamba. Wina ndi M83, umene Nicolas-Louis de Lacaille anaupeza mu 1752 ali ku Cape, pomwe ankalemba nyenyezi zakummwera pafupifupi 10,000 ndi katelesikopu kamene galasi lake silinkafika mamilimita 15. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 15 miliyoni. Wina ndi Centaurus A, umene James Dunlop anaupeza mu 1826 ali ku Australia, ndipo uli ndi mzere wakuda wa fumbi wodula pakati. Wachitatu ndi M104, umene amautcha Sombrero poufanizira ndi chipewa cha ku Mexico. Umenewu umadutsa pafupifupi paliwombo penipeni kwa munthu amene ali ku Mzuzu. Izi n'zofunika chifukwa chinthu chikakhala paliwombo, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochepa kusiyana ndi chikakhala cham'munsi.

Kuyambira Seputembala mpaka Disembala ndi nthawi ya Andromeda, imene kuchigawo chapakati imakwera madigiri pafupifupi 35 kumpoto. Kumayambiriro kwa Okutobala imafika pamwamba pake pakati pausiku, ndipo kumayambiriro kwa Novembala cha m'ma 10 koloko. Miyezi yomweyo kummwera kumakhala Mtambo Waung'ono wa Magellan ndi NGC 253, mlalang'amba umene Caroline Herschel anaupeza mu 1783, ndipo Mtambo Waukulu umakwera bwino cha mu Disembala ndi Januwale. Koma nyengo yathu ili ndi zake. Meyi, Juni ndi Julaye thambo limayera mvula itatsuka fumbi, kupatula masiku a chiperoni. Kuyambira Ogasiti utsi wa tchire lotenthedwa ndi fumbi zimaphimba, makamaka cham'munsi mwa thambo. Ikayamba mvula, mitambo imalamulira, ngakhale usiku wotsatana ndi mvula yamphamvu umatha kukhala woyera kuposa wina uliwonse. Mwezi nawo ndi mdani wa ntchitoyi, choncho masiku abwino ndi a sabata imene uli kumdima.

Ndalama tisazibise. Kamera yabwino, telesikopu ndi kachipangizo kotsata nyenyezi ndi zinthu zoposa thumba la mphunzitsi ngati ine. Masiku ano kuli timatelesikopu tochita zonse tokha, monga Seestar S50 ya kampani ya ZWO. Galasi lake ndi la mamilimita 50, imapeza yokha chimene mwasankha pa foni, imajambula masekondi 10 mobwerezabwereza n'kumasanjikiza inu mukuona. Pomwe inkatuluka mu 2023 inkagulidwa madola pafupifupi 500 a ku America, musanawonjeze zotumizira ndi msonkho. Kwa munthu mmodzi ndi zambiri. Koma mutu umodzi susenza denga. Gulu la ophunzira akale, kapena achibale amene ali ku Joni ndi ku Ulaya amene nthawi zina amafunsa chimene angathandize pasukulu yakwawo, akhoza kukwanitsa kamodzi koti masukulu angapo oyandikana azibwerekana.

Ndipo kuyamba sikudikira chida chimenecho. Tulukani usiku wopanda mwezi, zimitsani tochi, foni muiike m'thumba, dikirani mphindi 20 kapena 30 kuti maso azolowere. Mukafuna kuona chinthu chofooka musachiyang'ane mwachindunji, yang'anani pambali pake pang'ono, chifukwa mbali za m'mphepete mwa diso n'zimene zimamva kuwala kochepa. Pulogalamu ya Stellarium pa foni kapena pa kompyuta imasonyeza pamene chilichonse chili pa ola limenelo. Mafoni ambiri a masiku ano amalola kutsegula kamera masekondi 10 mpaka 30. Itsamiritseni panjerwa kuti isagwedezeke, tcherani kuti ijambule yokha pakapita masekondi angapo, ndipo Mlalang'amba ndi Mitambo ya Magellan zidzaoneka. Amene ali ndi kamera yojambulira maukwati, lenzi ya mamilimita 50 ndi choimikira cha miyendo itatu n'zokwanira. Atsegule lenzi kwambiri, ajambule masekondi 5 kapena 6 maulendo 100, azibweza kamera pa chinthucho chikasuntha, kenaka asanjikize ndi Siril. Andromeda idzatuluka ndi maonekedwe ake owulungika. Chenjezo limodzi lokha losafuna kukambirana: musaloze telesikopu kapena magalasi oonera patali kudzuwa, diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira.

Kwa aphunzitsi anzanga a m'masukulu a kumudzi, ambiri mwa ife timaphunzitsa sayansi popanda chipinda choyeseramo zinthu. Timajambula lenzi pabolodi ndi choko, ana n'kukopera, n'kuloweza, mayeso akatha n'kuiwala. Mu jogalafe timatchula dzuwa ndi mapulaneti ngati mndandanda wa mayina. Chonsecho usiku umodzi wojambula nyenyezi uli ndi kuwala, malenzi, kuzungulira kwa dziko, latichudi, avareji ndi square root, zonse pamodzi, mwana akuziona zikugwira ntchito. Mwana amene wasanjikiza zithunzi 4 kenaka 16 n'kuona yekha mchenga uja ukuchepa sadzafunsanso phindu la masamuwo. Kungoti zochitika zausiku pasukulu zimafuna dongosolo. Mphunzitsi wamkulu, komiti ya makolo ndi mfumu adziwe, aphunzitsi aamuna ndi aakazi akhalepo, makolo aitanidwe kudzaona nawo, ndipo mwana aliyense, makamaka wamkazi, akhale ndi womuperekeza pobwerera. Tikapanda kutero atsikana adzaletsedwa kubwera, ndipo tidzakhala tatsekera kunja a Leavitt ndi a Caroline Herschel athu.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti mdima wathuwu si wamuyaya. Kafukufuku amene Fabio Falchi ndi anzake anatulutsa mu 2016 anapeza kuti anthu oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse padziko sangathenso kuona Mlalang'amba chifukwa cha magetsi owalira kumwamba. Ku Ulaya ndi anthu 60 mwa 100 alionse, ku North America pafupifupi 80 mwa 100. N'chifukwa chake ojambula a ku Ulaya amapita kukagona m'mafamu a ku Namibia kuti akangopeza thambo lakuda, ndipo dera la NamibRand linavomerezedwa mu 2012 kukhala malo otetezera mdima wa usiku. Kwathu kuno amene amakhala ku Ndirande kapena ku Kawale akafika kumudzi amadabwa ndi kuchuluka kwa nyenyezi, chonsecho nyenyezizo n'zomwezo, kungoti kutauni zinamira m'magetsi.

Musandimve molakwa. Magetsi timawafuna, ndipo ndani amene anawerengapo ndi koloboyi angakane? Chipatala chikufuna magetsi, mayi wobwera kuchigayo madzulo akufuna njira yowala, ndipo mapolo a MAREP akafika pamsika wathu tonse timasangalala. Nkhani ili pa kaikidwe ka mababu. Babu lopanda chivindikiro, kapena getsi lamphamvu la sola lolozetsedwa cham'mbali, limataya kuwala kwina kumwamba kumene kulibe munthu wokufuna, ndipo limathobwa m'maso wodutsa moti wakuba woima kuseri kwake saoneka. Babu lomwelo likavindikiridwa pamwamba n'kulozetsedwa pansi, limawalitsa bwino pakhomo, ndipo laling'ono limakwanira ntchito imene lalikulu linkagwira. Batire nalo limakhalitsa. Maiko amene anawononga kale thambo lawo akuwononga ndalama zambiri kusintha magetsi awo. Ife tikadali koyambirira, ndipo kuika bwino kuyambira pachiyambi sikulira ndalama yowonjezera.

Choncho pempho langa lili kwa inu a komiti ya pamsika, a kumpingo ndi kumzikiti, eni magolosale ndi akuluakulu a masukulu. Pamene mukuika getsi lakunja, muuzeni wolumikizayo kuti aliweramitse ndi kuliveka kachipewa. Ndipo inu achinyamata okhala ndi mafoni, mwezi ukapita kumdima yesani kujambula kummwera. Sungani chithunzi choyambirira chimene simunachikonze, lembani tsiku, nthawi, malo ndi masekondi amene munatsegula kamera, chifukwa chithunzi chopanda zimenezi sichingathandize wofufuza aliyense, ndipo masiku ano zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zachuluka. Mukajambula chooneka, tumizani kwa mkonzi wa tsamba lino kuti tonse tione thambo la kwanu. Tikumanenso sabata yamawa.